Namwali wa Likodzo

Matope a m'dambo la mpunga ali ndi fungo lawolawo, ndipo mpaka lero ndikalimva ndimayamba kupsa mtima ndisanakumbuke chifukwa chake. Ndi fungo la udzu wowola, madzi ofunda ndi ndowe za ng'ombe zimene mvula inkakokolola kuchokera kumtunda. Kwathu kwa Maganga, dzinja likafika aliyense wa miyendo iwiri ankalowa m'madzimo kukawokera. Tinkazula mbande ku nazale m'mamawa, kuzimanga timitolo, kenako n'kuwerama mpaka msana kuuma, madzi ali m'mawondo. Tinkhono ting'onoting'ono tinkamatirira ku udzu wa m'mbali, ndipo ife ana tinkatitola n'kumaponyerana akuluakulu akayang'ana kumbali. Chaka chimene ndikunenachi ndinali mu Sitandade 4, ndili ndi zaka khumi, wowonda ngati phesi. Dzina langa linali Lusiya.

Bambo anali ku migodi ku Joni, ndiye pakhomo tinalipo atatu: amayi, ine ndi mlongo wanga Yohane amene anali adakali kubere. Koma mawu a pabanja sanali a amayi. Anali a amayi aakulu, a Nachisale, mkulu wawo wa amayi, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu. Amayi aakuluwo anali munthu woti akanena kuti lero kugwa mvula, ikapanda kugwa wolakwa ndi mvulayo. Nkhani zikuluzikulu ankazitengera kwa atsibweni a Lemani, koma ankapita atagamula kale, atsibweniwo n'kungoikapo chikhosomo chawo. Amayi anga anali ofatsa mopitirira muyeso, ndipo kufatsa kwawoko kunandikwiyitsa kwa zaka zambiri.

Vuto linayamba tikumaliza kuwokera. Ndikapita kukataya madzi ndinkamva kuwotcha, ndipo kumapeto kwenikweni kunkatuluka timadontho tofiira, tiwiri kapena titatu. Sindinachite mantha ngakhale pang'ono. Anyamata ambiri a m'mudzi mwathu ankakodza zofiira, mpaka ankachita kupikisana kuseri kwa sukulu kuti zofiira kwambiri ndi za ndani, akuluakulu n'kumangoseka kuti akukula. Dzina lake tinkalidziwa, likodzo, ndipo palibe ankaliyesa matenda. Ine ndinangoti basi, nanenso landipeza, n'kupitiriza moyo wanga. Kulakwa kwanga kunali kumodzi kokha: ndinasiya kabudula wanga wamkati pa mulu wa zochapa, ndipo amene anayamba kufika pa muluwo anali amayi aakulu.

Sanandifunse kanthu. Kodi kufunsa mwana kuti zayamba bwanji kukanawachotsera chiyani? Anangokulunga kabudulayo m'chitenje, n'kulunjika kwa anamkungwi, ndipo dzuwa lisanafike pamutu amayi onse a m'mudzi anali atadziwa kuti mwana wa kwa a Mbewe watha msinkhu. Ananditenga ndili pa mtondo, munsi uli m'manja, n'kukanditsekera m'nyumba ya amayi aakulu. Anandipatsa phungu, mayi wina wamkulu thupi woti azindiyang'anira ndi kundiphunzitsa mwambo, ndipo lamulo loyamba linali lakuti maso pansi.

"Amayi aakulu," ndinatero ine, "izi zimabwera pokodza pokha."

"Namwali sayankha," anatero iwo, n'kundikankhira mutu pansi ndi zala ziwiri.

Mawu amenewo ndinawayesanso kawiri masiku otsatira, kamodzi kwa phungu ndi kamodzi kwa anamkungwi eni ake. Phungu anandikhalitsa chete ndi kunditsina pantchafu. Anamkungwi anati ana a sukulu ndi choncho, amafuna kuphunzitsa amene anawabereka. Abale, chowonadi chonse chinali m'kamwa mwanga, mawu anayi okha, koma mwambo unali utayamba ndi kunditseka pakamwapo.

M'nyumbamo munkanunkha utsi wakale, fodya wa amayi aakulu ndi nkhuku imene inkafungatira mazira pansi pa bedi. Ndinkakhala pa mkeka, miyendo yowongola, manja pa mawondo, nsikidzi zikundidya kumsana. Kuwala kunkalowa pa kabowo ka pa chitseko, ndipo pa kabowo komweko ndi pomwe phokoso la kusukulu linkadzera. M'mawa ndinkamva akumenya chitsulo cha gudumu la galimoto chimene chinali belu lathu. Kenako anzanga ankayamba kuimba masamu ochulukitsa, ine n'kumawatsatira chamumtima, ndipo akalakwitsa pa seveni ndinkachita kuluma mlomo. Nthawi yopuma inali yowawa koposa, chifukwa ndinkamva atsikana akukuwa pa fulaye, masewero athu ozinda mpira, ndipo liwu la Asiyatu, mnzanga wapamtima, mwana wa msodzi wa kugombe, linkamveka pamwamba pa onse. Chimene ndinkafuna padziko lonse chinali kubwerera kumeneko, kukakhala pansi m'kalasi ndi kukalowa pakati pa bwalo, basi.

Madzulo aliwonse amayi a m'mudzi ankadzaza nyumbayo kudzandilanga. Zimene anandiuza sindinena, ndinalonjeza, ndipo lonjezo ndimasunga ngakhale limene ndinalipereka atanditsina. Ndingoti theka sindinalimve, ndipo theka limene ndinalimva linandichititsa nseru. Ankandiuza za mwamuna, ine ndikuganiza za pensulo yanga imene ndinaibwereketsa kwa Asiyatu. Lamulo limene ankalibwereza koposa linali la mchere: munthu ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo, chifukwa odya ndiwozo amadwala mdulo, amatupa, amakhosomola, ena amafa. Ndinalonjeza kuti sindidzathira mpaka zitatha.

Nanga zinatha? Masiku asanu ndi awiri atakwana, phungu anandifunsa ndi maso, ine n'kupukusa mutu. Masiku khumi, chimodzimodzi. Apa amayi aja anayamba kusokonezeka, koma m'malo mokayika maganizo awo anakayika ine. Wina anati ndinadya mazira mobisa. Wina anati ndinasuzumira panja n'kuona mwamuna. Amayi aakulu anati ndi mwano, magazi a mwana wamwano sakhala ndi malire. Anandimwetsa mizu yowawa kwambiri moti nkhuku ija inathawa nditasanza. Pamapeto pake anatopa, n'kugamula kuti anditulutse choncho. Anandimeta mpala ndi lumo lobuntha, kundidzoza mafuta, kundimangirira chitenje pachifuwa pamene panalibe chilichonse choti n'kubisa, ndipo analengeza kuti kuyambira tsiku limenelo ndine a Nambewe, dzina la ubwana latha.

Kutuluka kwake kunali kwa dzina lokha. Kusukulu sanandilole, poti zinali zisanathe. Mchere sindinkaukhudza, mwana sindinkamunyamula, ndipo ndikakumana ndi munthu wamkulu panjira ndinkayenera kupatuka n'kugwada mu udzu wonyowa. Sabata yomweyo Yohane anayamba kukhosomola, monga ankachitira makanda onse a m'mudzi nyengo ya mvula. Amayi aakulu anawerenga masiku ndi zala, n'kupeza kuti dzulo lake la tsiku limene anaona kabudula uja ndine amene ndinathira mchere mu usipa. Amayi anadya usipawo, Yohane anayamwa amayi, nkhani yatha. Sananditukwane ayi, bola akanatero. Ankangoti mwana akakhosomola iwo n'kutembenuka kundiyang'ana, ndipo ine ndinayamba kukhulupirira kuti ndikupha mlongo wanga.

Aphunzitsi athu, Mayi Nyirenda, anali ochokera kumpoto, ndipo Chichewa chawo chinkatiseketsa tikakhala patokha. Tsiku lina masana anabwera ndi ambulera yawo yakuda kudzafunsa chifukwa chimene mwana amene ankakhoza masamu wasowera milungu itatu. Anawayalira mkeka, kuwapatsa nthochi, n'kuitanitsa atsibweni. Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe, khutu lili tcheru. Atsibweni analankhula mwaulemu wonse. Anati sukulu ndi yabwino, boma likutero ndipo iwo sangatsutse, koma mwanayu wakula, sangamakhale pansi pamodzi ndi anyamata. Anawonjezera kuti kuli munthu wina ku Chipoka, mwini ngalawa ndi makoka awiri, amene wafunsa kale, ndipo mpunga ukakololedwa adzakambirana. Aphunzitsi anati mwana wa zaka khumi apite kaye kuchipatala. Amayi aakulu anayankha kuti kwawo kwa aphunzitsiwo kaya amachita bwanji, koma kuno namwali sapita naye kuchipatala ngati wathyoka mwendo. Amayi anga anali pomwepo, akuyamwitsa Yohane, ndipo sananene ngakhale liwu limodzi. Ndinaluma chitenje kuti kulira kwanga kusamveke, koma kunali kulira kwa ukali.

Mpunga unali utayamba kutulutsa ngala, ndipo ine ndinkauyang'ana ngati mdani. Tsiku lina madzulo amayi anandiwotchera chimanga chachiwisi, choyamba cha chaka chimenecho. Nditaluma kachiwiri ndinamva kuti gwede, ndipo dzino lakumbuyo limene linkagwedera kwa mwezi wathunthu linatsala m'chitsononkho. Ndinalitola n'kuwapatsa amayi, monga ndinkachitira ndi mano onse am'mbuyomo. Analiika pachikhatho n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mutu wanga wometa, chitenje cha pachifuwa chija, ndi magazi a m'kamwa amene ndinkalavula. Analimanga dzinolo pa ngodya ya chitenje chawo, pamene ankamangapo ndalama.

M'mawa mwake anauza amayi aakulu kuti tikupita kuchigayo, ndipo kuti bodzalo likhale ndi miyendo anandisenzetsa dengu la makaka, chinangwa chouma chija. Tinalisiya kwa mnzawo wa kutchalitchi pafupi ndi msewu, n'kuyenda wapansi mpaka ku boma, Yohane ali kumsana akukhosomola. Pa geti la chipatala panali anyamata a chipani a malaya ofiira akufunsa makhadi a chipanicho. Amayi anatulutsa lawo, koma mnyamata wina anayang'ana chitenje changa ndi mpala wanga n'kunena kuti uyu ndi mayi wamkulu, khadi lake lili kuti. Kumudzi ndine wamkulu, pa geti ndine wamkulu, koma ine mwini ndikungofuna pensulo yanga. Amayi anamasula ngodya ya chitenje n'kumuonetsa dzino lija. Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira geti, n'kutilola kulowa.

Amene anationa anali bambo wina wa imvi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi, amene aliyense ankamutchula kuti adokotala. Chipinda chawo chinkanunkha sipiriti, ndipo pakhoma panali chithunzi cha mtsogoleri ndi china cha munthu wosendedwa khungu. Amayi anafotokoza mozungulira, mwamanyazi, mpaka adokotalawo anawadula n'kutembenukira kwa ine.

"Iwe, magaziwo amabwera nthawi yanji?"

Munthu woyamba kundifunsa, patatha mwezi. Ndinayankha mokweza kwambiri moti odwala a pa benchi panja anamva.

Anatenga dzino lija n'kulitembenuza ndi kachitsulo. Anawaonetsa amayi pamwamba pake potafunira, pamene panali patasalala chifukwa cha kugwira ntchito zaka zambiri, mbali ya kutsaya imene inali yoyera, ndi mbali ya kulilime imene inali ndi kabowo kakuda. Kenako analitembenuza chadodolido. Anati taonani, lilibe muzu, dzino loyamba la mwana limagwa chonchi chifukwa lalikulu limene likubwera pansi pake limadya muzuwo. Anandiyasamulitsa n'kuwerenga ena atatu a mtundu womwewo amene anali asanagwe. Koma anati mano okha sangaweruze mlanduwu, woweruza ndi botolo.

Anandipatsa kabotolo, n'kundiuza kuti ndithamange kuzungulira nyumbayo katatu ndisanakodzemo, kuti zimene zili m'chikhodzodzo zivunduke. Tangoganizani. Mwezi wathunthu akundiphunzitsa kuyenda pang'onopang'ono, maso pansi, mapazi osamveka, lero munthu wa boma akuti thamanga. Ndinakwinya chitenje n'kuliyatsa liwiro, ndipo ndinazungulira kasanu, kawiri kowonjezerako kanali kanga.

Patapita nthawi anatiitanira m'kachipinda kena momwe munali makina oonera tizilombo. Anawauza amayi kuti atseke diso limodzi n'kusuzumira, ndipo amayi anapukuta manja pa chitenje kaye ngati akulowa m'tchalitchi. Kenako inali nthawi yanga. M'kuwala kozungulira munali tinthu tangati nthanga za nkhaka, kalikonse kali ndi kaminga kumapeto. Adokotala anati amenewo ndi mazira. Anati m'mabuku matendawa amawatcha bilihaziya, ife timati likodzo, ndipo sasankha mnyamata kapena mtsikana. Tizilombo take timakulira m'nkhono za m'dambo, timatuluka n'kusambira m'madzi, n'kuboola khungu la munthu amene waimamo. Tikalowa timakula n'kukhala nyongolotsi zaphwatalala zokhala m'mitsempha ya magazi ya pa chikhodzodzo, yaimuna itafungatira yaikazi m'ngalande ya m'thupi mwake. Mazira awo pofuna njira yotulukira amabaya ndi kaminga kaja, ndiwo magaziwo. Pa khadi langa analemba liwu lalitali, sisitosoma, n'kutiuza kuti limatanthauza thupi long'ambika, chifukwa cha ngalande ya yaimuna ija.

"Ndiye kuti nyongolotsizo zili pabanja m'thupi mwa mwana wanga?" anafunsa amayi.

"Zili pabanja, mayi. Koma mwana wanuyu ayi, ndi mwana."

Yohane anamupima pachifuwa n'kunena kuti ndi chimfine cha mvula. Ine anandipatsa mapiritsi a sabata imodzi n'kundiuza kuti ndisalowenso m'dambo. Apo pokha amayi anaseka, chifukwa munthu wa kwa Maganga kumuuza kuti asalowe m'dambo ndi kumuuza kuti asadye.

Pobwerera ndinanyamula khadi lija ndi manja awiri, ndipo njira yonse ndinkakonza m'mutu mmene zikakhalire. Amayi aakulu akaitana mudzi, akaimirira pakati, akanena kuti tinalakwitsa. Titafika, amayi anachita chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo: anaitanitsa okha atsibweni ndi amayi aakulu, n'kuika khadi ndi dzino pa mkeka. Anafotokoza za nkhono, za mazira ndi za kaminga, osabwerera m'mbuyo. Pomaliza anati, "Achimwene, munthu wa ku Chipoka uja mukamuuze kuti adikire mano athe kaye kugwa. Mwanayu Lolemba akupita kusukulu." Atsibweni anakhosomola, kuyang'ana chidindo cha boma pa khadipo, n'kunena kuti iwo anali kale ndi maganizo omwewo.

Amayi aakulu analigwira khadilo chozondotsa, poti sankadziwa kuwerenga, n'kulibweza pa mkeka. Anati za nyongolotsi amva, ndipo mwana amwe mankhwala. Koma za kumubweza ku ubwana zisamveke. Tsitsi limera, anatero, koma zimene tamuuza m'nyumba muja tizitulutsa bwanji m'makutu mwake? Walangidwa, wametedwa, mudzi waona. Ndi a Nambewe basi.

Mapiritsi aja anandizunguza mutu ndi kundisanzitsa sabata yonse, koma pofika tsiku lomaliza timadontho tija tinali titasiya. Ndinavala yunifolomu yanga, kumanga kampango pa mpala, n'kufika kusukulu belu lisanalire. Mayi Nyirenda anandigwira paphewa n'kundibwezera pa malo anga. Masamu ndinakhoza onse, ndipo nthawi yopuma itakwana ndinathamangira kumtengo wa mango kumene atsikana anali atajambula kale bwalo. Asiyatu ndiye anali ndi mpira wansanza m'manja, atakweza dzanja kuti aponye. Atandiona analitsitsa. Anapinda bondo pang'ono, monga tinkachitira kwa akuluakulu.

"Mwadzuka bwanji, a Nambewe?"

"Ndine Lusiya, iwe. Linali likodzo. Ndili ndi khadi."

"Tamva," anatero Asiyatu, maso ali pansi. "Koma amayi anati tisamakutchuleni dzina, ndiponso tisamasewere nanu. Akuti mukudziwa zinthu."

Anapisa m'thumba n'kundibwezera pensulo yanga ndi manja awiri. Onse anangoima chilili, osandithamangitsa, osaponya mpira, kudikira mwaulemu kuti munthu wamkulu adutse. Ndinapita kukakhala pa khonde la kalasi, pafupi ndi atsikana akuluakulu a Sitandade 8 amene anandiyang'ana ngati kamwana kosochera, ndipo nditangokhala pansi phokoso la masewero linayambiranso kumbuyo kwanga.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti chowonadi chikaoneka ndi maso, chikalembedwa pa pepala n'kudindidwa, zonse zimene zinachitika chifukwa cha bodza zimafafanizika. Ndinadikira chaka chonse kuti amayi aakulu anene kuti pepa. Pambuyo pake ndinakhala namwino, ndipo liwu lalitali lija ndalilemba ndi dzanja langa pa makhadi a ana osawerengeka. Ndikudziwa tsopano kuti amayi aakulu anali ataika m'manda ana awo atatu, ndipo chikhosomo cha Yohane chinkawaopsa zenizeni. Anandichitira zimene iwo anachitiridwa, mwachangu, poopa kuti akachedwa wina afa. Ndikuwamvetsa, koma kumvetsako sikunandiziziritse mtima, ndisaname. Msinkhu weniweni unabwera patapita zaka zitatu, ndipo amayi anandinong'oneza kuti ndisauze munthu, poti kwa mudzi zinali zitachitika kale. Pa khadi la kuchipatala analemba kuti ndinachira pa masiku asanu ndi awiri. Fulaye sindinasewerenso.